Amisiri Amene Sitiwaona Tikayatsa Kompyuta

Mkangano woti pakati pa Windows, macOS ndi Linux yabwino ndi iti suona kutha, ndipo nthawi zambiri umathera pa mtengo ndi pa dzina. Uyu akuti Mac ndi ya mabwana, uyo akuti Windows sichedwa kugwidwa mavairasi, winanso akuti Linux ndi ya anyamata okonda kulemba zilembo zoyera pa sikirini yakuda. M'mawu amenewa muli kachoonadi ndithu, koma amaphimba chinthu chimene ine chimandigwira mtima. Mapulogalamu atatuwa, amene amayendetsa kompyuta yonse kuchokera poiyatsa kufikira poizimitsa, ndi ntchito ya amisiri. Alipo anthu amene anakhala pansi n'kulingalira za dzanja lanu, za diso lanu, za kuiwala kwanu, ngakhalenso za mphindi imene magetsi adzathime muli pakati polemba lipoti. Ntchito yotere ikagwiridwa bwino sioneka n'komwe, munthu amangomva kuti zinthu zikuyenda. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambire pa mzere wa menyu wa pa Mac. Uli pamwamba penipeni pa sikirini, wagunda m'mphepete, ndipo wakhala pomwepo chiyambire pa 24 Januwale 1984, tsiku limene Macintosh yoyamba inaonetsedwa kwa anthu. Pa Windows menyu imakhala m'kati mwa windo lililonse, pansi pa dzina la pulogalamu. Kungoona ndi maso, njira ya Windows ndiyo imaoneka yanzeru, poti menyu ili pafupi ndi pamene mukugwira ntchito. Dzanja ndilo limakana. Mu 1954 katswiri wina wa ku America, Paul Fitts, anasonyeza kuti nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa chinthu imadalira kutalika kwa mtunda komanso kukula kwa chinthucho. Mukamalondolera kamuvi pa kabatani kakang'ono pakati pa sikirini, dzanja limathamanga kaye, kenako limachepetsa liwiro, mwina n'kupitirira pang'ono, n'kubwerera. Zimenezi zimatha m'kuphethira kwa diso, koma zimachitika kambirimbiri tsiku lililonse. Tsono m'mphepete mwa sikirini kamuvi kalibe kopitirira. Ikankheni mausi m'mwamba ndi mphamvu zanu zonse, kamuvi kakaima pa menyu basi. Mzere umene ukuoneka wopyapyala m'maso, kwa dzanja ndi wotakata moti simungauphonye.

M'ngodya ndiye koposa, chifukwa kamuvi kamatsekerezedwa mbali ziwiri. Amisiri a Microsoft anaika batani la Start pangodya ya pansi kumanzere mu Windows 95, koma anasiya kampata ka timadontho tochepa pakati pa batanilo ndi ngodya yeniyeni. Munthu akaponya mausi mpaka kumapeto n'kudina, palibe chinkachitika. Pofika pa Windows XP mu 2001 kampata kaja kanali katatsekedwa, ndipo kuyambira pamenepo munthu ankatsegula Start osayang'anako. N'chimodzimodzi ndi batani la X lotsekera windo limene ladzaza sikirini: ponyani kamuvi kungodya ya kumwamba kumanja, dinani, latseka. Palibe amene analengeza zimenezi pa wailesi, koma manja a anthu mamiliyoni anapepukidwa. N'chifukwa chake ine sindinakondwe pamene Windows 11 inasunthira Start chapakati mu 2021. Ikuoneka bwino inde, koma dzanja layambanso kufunafuna. Mwayi wake anasiya njira yolibwezera batanilo kumanzere.

Palinso kaluso kena kobisika kwambiri. Menyu zina zimakhala ndi kamenyu kachiwiri kotulukira pambali. Kuti mufike pa mawu amene ali m'munsi mwa kamenyu kachiwiriko, dzanja siliyenda chammbali kenako n'kutsika. Limadula chopingasa, ndipo podula chomwecho kamuvi kamadutsa pa mizere ina ya menyu yoyamba. Kompyuta yosaganiziridwa bwino imatseka kamenyu kaja nthawi yomweyo, inu n'kuyambiranso. Windows inathana ndi vutoli podikira: imayembekeza pang'ono, nthawi yosakwana theka la sekondi, isanasinthe kamenyu. Amisiri a Mac anachita zakuya kuposa apo. Anaika kamalo kosaoneka ka ngodya zitatu, nsonga yake ili pa kamuvi, tsinde lake lili pa kamenyu kachiwiri. Kamuvi kakamayenda m'kati mwa kamaloko, kompyuta imadziwa kumene mukulowera ndipo imakudikirani. Mukatsika molunjika, imasintha msanga osakuchedwetsani. Mlimi amadziwa mpini wosemedwa bwino ndi chikhatho, pamene waweruka kumunda wopanda matuza, ndipo menyu yabwino imadziwika chimodzimodzi.

Mmodzi wa amisiri amene anaumba zonsezi ndi Bill Atkinson, yemwe anamwalira mu Juni 2025. Anali m'gulu la anthu a ku Apple amene anapita ndi Steve Jobs kukaona ntchito ya Xerox PARC mu Disembala 1979, kumene mausi, mawindo ndi tizithunzi ta pa sikirini zinali zikuyesedwa kale pa kompyuta yotchedwa Alto. Vuto limene linamudya mutu ndi la mawindo osanjikizana. Windo limodzi likaphimba linzake mbali imodzi, kompyuta iyenera kudziwa mbali yeniyeni imene ikuoneka, n'kujambula pokhapo, mofulumira, munthu akukoka windolo ndi mausi. Lero zimenezi si nkhani, koma Macintosh yoyamba inali ndi memore ya 128 KB yokha, imene chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimatha kuiposa. Atkinson anapeza njira yosungira maonekedwe a malo alionse, okhota motani, posunga pokhapo pamene malire akusinthira, osati kadontho kalikonse. Pa maziko amenewo ndi pamene anamangapo QuickDraw, pulogalamu imene inkajambula chilichonse chooneka pa makompyuta a Lisa ndi Macintosh.

Mnzake wa ntchito, Andy Hertzfeld, anasimba nkhani ziwiri zimene zimaonetsa mtima wa mmisiriyu. Mu 1982 akuluakulu a ntchito ya Lisa anayamba kufuna kuti wolemba mapulogalamu aliyense azilemba pa fomu kuchuluka kwa mizere imene walemba sabata imeneyo. Atkinson anali atangomaliza kulembanso gawo lowerengera malo aja, n'kulifupikitsa ndi mizere pafupifupi 2000, ndipo linayamba kuthamanga kwambiri kuposa kale. Pa fomupo analemba -2000. Nkhani inayo ndi ya ngodya zozungulira. Atkinson atakondwera kuti wapeza njira yachangu yojambulira zozungulira, Jobs anafunsa za mabokosi a ngodya zosasongoka. Iye anati n'zovuta ndipo n'zosafunika. Jobs anatuluka naye panja n'kumamulozera zinthu za m'mbali mwa msewu, mpaka chikwangwani choletsa kuimika galimoto, zonse za ngodya zozungulira. Tsiku lotsatira Atkinson anabwera atazitheketsa. Yang'anani mabatani a pa foni yanu ndi mawindo a pa kompyuta iliyonse lero, muona mmene ngodya zimenezo zinafalira.

Ngati Atkinson anasamalira dzanja, Susan Kare anasamalira diso. Iye anaphunzira zaluso, osati zamakompyuta, ndipo atapatsidwa ntchito yojambula tizithunzi ta Macintosh anakagula kope la timabokosi n'kuyamba kudetsa kabokosi kamodzikamodzi ndi pensulo. Sikirini ya makinawo inali ya timadontho 512 m'lifupi ndi 342 m'litali, takuda ndi toyera basi. Kachithunzi kalikonse kanali ndi malo a timadontho 32 uku ndi 32 uku, tonse pamodzi 1024. M'kamalo kameneko anatulutsamo kompyuta yomwetulira imene inkalonjera munthu poyatsa, bini yotayamo mafayilo, wotchi ya pamkono youza munthu kuti adikire, chitini cha penti chikukhuthuka, ndi bomba losonyeza kuti zinthu zasokonekera. Pa ntchito yotere kadontho kamodzi kakasuntha, nkhope yomwetulira imasanduka yonyogodola. Chizindikiro cha batani la Command, chija cha timalupu tinayi, anachipeza m'buku la zizindikiro. Ku Sweden ndi maiko oyandikana nawo chimaikidwa pa zikwangwani zolozera malo ochititsa chidwi. Anapanganso zilembo zotchedwa Chicago, zonenepa bwino kuti ziziwerengeka pa sikirini ya timadontho tochepa. Ambiri amene sanagwirepo Mac anaionabe ntchito ya manja ake, chifukwa makadi a sewero la Solitaire la pa Windows 3.0 ya mu 1990 anajambula ndi iyeyo. Chimene ndimasirira mwa Kare n'chakuti sankadandaula ndi kuchepa kwa malo. Kuchepako ndiko kunamukakamiza kufunsa kuti pa chinthu chilichonse, mbali imene diso silingachite popanda iyo ndi iti.

Kukongola kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo sindikunena wa ndalama wokha. Mac imakusankhirani zambiri. Mzere wa menyu simungauchotse pamwamba n'kuuika pansi, mabatani atatu a windo simungawasamutsire kumanja, ndipo macOS imaloledwa kuyenda pa makina a Apple okha. Kuumira kumeneku ndi kumenenso kumaipatsa mphamvu: wopanga makina ndi wopanga pulogalamu ndi mmodzi, choncho mukatseka chivundikiro cha laputopu imagona, mukatsegula imadzuka, popanda kunyengerera. Komabe tisaiwale kuti Mac yakale inali yokongola koma yosalimba. Mapulogalamu ankagawana memore popanda chowalekanitsa, ndipo iliyonse inkayenera kupereka yokha mpata kwa inzake. Imodzi ikajama, zonse zinkaima, bomba la Kare lija n'kutulukira. Apple inachita kugula kampani ya NeXT kumapeto kwa 1996 kuti ipeze maziko olimba a mtundu wa Unix, ndipo Mac OS X inatuluka pa 24 Malichi 2001.

Luso la Windows ndi la mtundu wina, ndipo anthu saliyamikira mokwanira. Batani la Start lenilenilo linabadwa poonerera anthu akuvutika. Daniel Oran, amene anaphunzira za khalidwe la anthu ndi nyama asanalowe ku Microsoft, ankaona anthu oyesedwa atakhala pa Windows 3.1 osadziwa poyambira. Anakonza batani limodzi lotsegulira zonse, koma poyamba linalembedwa kuti System, ndipo anthu ankaopa kulidina. Atalisintha kukhala Start, anayamba kulidina okha osauzidwa. Pambali pake panabwera mzere wosonyeza mapulogalamu onse otsegula, kuti windo likabisika kuseri kwa linzake munthu asaganize kuti latayika. Windows 95 inatuluka pa 24 Ogasiti 1995, ndipo kukhazikika kwa kapangidwe kameneka kunaoneka pamene Windows 8 inachotsa batanilo mu 2012: anthu anadandaula kwambiri mpaka linabwerera chaka chotsatira, ndipo menyu yake inabwereranso mu Windows 10 mu 2015.

Koma chimene chimandichititsa kuvula chipewa ndi kukhulupirika kwa Windows kwa mapulogalamu akale. Joel Spolsky, yemwe anagwirapo ntchito ku Microsoft, anasimba za sewero la SimCity. Sewerolo linali ndi cholakwika: linkawerenga memore imene linali litaibweza kale. Pa Windows yakale cholakwikacho sichinkaoneka, koma poyesa Windows 95 sewerolo linkagwa. Cholakwa sichinali cha Microsoft, ndipo akanatha kunena kuti eni sewerolo akonze okha. M'malo mwake anafufuza mpaka anapeza gwero, n'kuika malangizo apadera mu Windows 95 oti ikazindikira kuti SimCity ikuyenda, isafulumire kulanda memore yobwezedwayo. Ankadziwa kuti munthu amene wagula Windows yatsopano, sewero lake n'kusiya kuyenda, sadzafunsa kuti wolakwa ndani. Zigamba zoterezi zilimo zambirimbiri m'kati mwa Windows. Ngakhale chilembo C: cha disiki yanu ndi mbiri yosungidwa, poti A: ndi B: zinali za madisiki ofewa aja amene ana a lero sanawaonepo. Ntchito imeneyi ilibe ulemerero, palibe amene amaijambula pa chikwangwani, koma ndi imene imachititsa kuti pulogalamu yowerengera ndalama imene ofesi inagula zaka 15 zapitazo izitsegukabe, ndiponso kuti pulinta yakale ya pasukulu izisindikizabe mayeso.

Kulimba kwa Windows ya lero kunachokera kwa Dave Cutler, amene anabwera ku Microsoft mu 1988 atapanga kale pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa VMS ku kampani ya DEC. Windows NT imene gulu lake linatulutsa mu 1993 inalekanitsa mapulogalamu, iliyonse ndi memore yake, kuti imodzi ikagwa isagwetse zinzake. Anthu wamba anaulandira mwayi umenewu mu Windows XP. Task Manager, imene mumaitsegula ndi Ctrl, Shift ndi Esc pulogalamu ikakana kutseka, anayamba kuilemba kunyumba kwake Dave Plummer, ndipo inalowa mu Windows NT 4.0 mu 1996. Kuyambira pa Windows Vista, gawo loyendetsa zithunzi likasiya kuyankha kwa masekondi awiri, Windows imalidzutsanso yokha. Sikirini imangophethira, ntchito n'kupitirira, pamene kale ikanasanduka yabuluu. Tikumbukire kuti zonsezi zimachitika pa makina a Dell, HP, Lenovo, Acer ndi enanso osawerengeka, okhala ndi zipangizo zimene amisiri a Microsoft sanazigwirepo. Khomo lotseguka chonchi limalowetsanso mavuto. Pa 19 Julayi 2024 fayilo yolakwika ya pulogalamu yachitetezo ya CrowdStrike, imene imagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft, ndipo ndege, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'maiko ambiri.

Kuti tione mmene atatuwa amalolera munthu kusintha zinthu, titenge chilembo chathu chomwe, ŵ, chimene chimapezeka m'mabuku a Chichewa m'mawu ngati Malaŵi ndi maŵa, ndipo Chitumbuka chimachigwiritsa ntchito kwambiri. Pa kiyibodi palibepo. Mwayi wathu ndi woti chinenero cha ku Wales nachonso chili ndi chilembochi, choncho amisiri anachikonzera njira. Pa Windows mukasankha kiyibodi yotchedwa United Kingdom Extended, mumadina AltGr pamodzi ndi 6, kenako w. Mu Microsoft Word mungathenso kulemba 0175 n'kudina Alt ndi X, manambalawo amasanduka ŵ. Pa Mac mumasankha kiyibodi ya ABC Extended, n'kudina Option ndi 6, kenako w. Pa Linux mumasankha nokha batani limene simuligwiritsa ntchito kwambiri kuti likhale lophatikizira zilembo, lotchedwa Compose. Mukalidina, n'kudina kachipewa ^, kenako w, chilembo chatuluka. Ndipo ngati njira imeneyo sikukusangalatsani, pali kafayilo kotchedwa .XCompose kamene mungalembemo njira yanuyanu. Windows ndi Mac zimakupatsani zimene zinakonzedwa kale kuti musankhepo. Linux imakupatsani ndi zida zokonzera zomwe.

Khalidwe limeneli linayamba kale Linux isanabadwe. Pulogalamu ya X, imene inayambika ku MIT mu 1984 kuti izijambula mawindo pa makompyuta a Unix, inamangidwa pa mfundo yoti ipereke njira yochitira zinthu koma isalamule maonekedwe. Linus Torvalds atalengeza Linux ku Helsinki mu Ogasiti 1991, n'kuiphatikiza ndi zida za GNU zimene Richard Stallman anayambitsa mu 1983, nkhope ya kompyutayo inatsala yoti aliyense aumbe. Matthias Ettrich anayambitsa KDE ku Germany mu 1996. Miguel de Icaza ndi Federico Mena anayambitsa GNOME ku Mexico mu 1997. Olivier Fourdan wa ku France anayamba Xfce, yopepuka, imene mpaka lero imayenda bwino pa makina ofooka. Pa KDE Plasma mzere wa mapulogalamu mungauike pansi, pamwamba kapena m'mbali. Mungaike menyu pamwamba penipeni ngati pa Mac kuti lamulo la Fitts lija likuthandizeni. Mungasinthe ntchito ya batani lililonse. Ndipo amisiri akasintha zinthu mosakomera anthu, nkhani sithera pa kudandaula. GNOME 3 itatuluka mu 2011 ndi maonekedwe achilendo, ena anatenga GNOME 2 n'kuipitiriza pa dzina la MATE, pamene a Linux Mint, motsogozedwa ndi Clément Lefèbvre, anapanga Cinnamon, imene munthu wozolowera Windows amaimva msanga. Ogwiritsa ntchito Windows 8 anachita kudikira kuti kampani iwamvere chisoni; a Linux anangotenga zida n'kuyamba ntchito.

Ufulu umenewu umadya nthawi, ndipo amene amabisa zimenezi sakuithandiza Linux. Pali makina ena amene Wi-Fi kapena pulinta yake imavuta. Microsoft Office ndi Photoshop sizinapangidwire Linux. LibreOffice imagwira ntchito zambiri, koma chikalata chokongoletsedwa kwambiri mu Word chimatha kusuntha mizere. Ndipo posintha chilichonse munthu amathanso kuwononga chilichonse.

Pa kulimba, luso la Linux limaonekera bwino mu Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993 ndipo imayendetsedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri. Pulogalamu yatsopano imalowa kaye m'gawo lotchedwa unstable. Ikakhala masiku angapo popanda cholakwika chachikulu imasamukira ku testing. Nthawi yotulutsa ikayandikira amaimitsa kulandira zatsopano, n'kutha miyezi akungokonza zolakwika, ndipo satulutsa mpaka aone kuti zapsa, kawirikawiri patatha zaka ziwiri. Ikatuluka, saisinthanso maonekedwe; amangotseka mipata ya chitetezo. Zolakwika zonse zimalembedwa poyera, aliyense angawerenge amene anadandaula, amene anayankha ndi mmene anakonzera. Pa maziko amenewa ndi pamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anamangapo Ubuntu mu Okutobala 2004, ndipo pa Ubuntu panamangidwanso Linux Mint. Kuyambira mu Novembala 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendera Linux.

Tsono tifike pa luso limene ife a kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, tiyenera kulithokoza kuposa ena onse. Kusunga fayilo si ntchito imodzi. Kompyuta iyenera kulemba zimene zili m'fayilomo, kulemba dzina lake m'foda, kulemba kukula kwake, ndi kusonyeza kuti malo amene yatenga pa disiki salinso opanda kanthu. Magetsi akathima itachita ziwiri n'kutsala ziwiri, disiki imatsala ikudzitsutsa yokha: dzina lilipo koma fayilo palibe, kapena malo amodzi apatsidwa kwa mafayilo awiri. Amene anagwiritsapo ntchito Windows 98 akukumbukira ScanDisk, imene inkayamba kufufuza disiki yonse kompyuta ikazima mosayenera, nthawi zina n'kungotola zidutswa. Yankho la amisiri linali lofatsa koma lanzeru. Isanakhudze chilichonse, kompyuta imayamba yalemba m'kaundula wapadera zonse zimene ikufuna kusintha, n'kutsekera ndi chizindikiro choti zalembedwa zonse. Ikatero ndiye imakasintha zenizenizo. Magetsi akabwera imatsegula kaundula uja. Zimene zili ndi chizindikiro imazimalizitsa. Zimene zilibe imazitaya ngati sizinayambe. Mbali zonse ziwiri disiki imatsala yolongosoka, ndipo ntchitoyi imatha m'masekondi ochepa.

NTFS, njira yosungira mafayilo ya Windows NT, inabwera ndi kaundula ameneyu mu 1993. Pa Linux, Stephen Tweedie anatsogolera ntchito ya ext3, imene inalowa mu 2001, ndipo ext4 inatsatira mu 2008. Apple inawonjezera kaundula mu 2002, kenako mu 2017 inasamukira ku APFS, imene imatsata njira ina: silemba pamwamba pa zolongosola zakale, imalemba zatsopano pamalo ena, ndipo zikatha bwino m'pamene imalozera kumeneko. Apa atatuwa anafika pa mfundo imodzi, aliyense podzera njira yake, ndipo ndi ntchito imene munthu amaidziwa pokhapokha ikasowa. Dziwani zinthu ziwiri. Kaundulayu amateteza dongosolo la disiki, osati ndime imene munalemba koma simunaseve. Chachiwiri, mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32 kapena exFAT, zimene zilibe kaundula wotere, n'chifukwa chake kuzula fulashi kompyuta ikulembamo kumawonongetsa mafayilo, ndipo kamphindi kouza kompyuta kuti mukuichotsa si kotaya.

Mukandifunsa chigamulo changa, ndinena mosazungulira. Pa kusamalira dzanja ndi diso, Mac ili patsogolo, ndipo ambiri mwa enawa anaphunzira kwa iyo. Pa kusenza katundu wa makina osiyanasiyana ndi mapulogalamu akale, palibe wofanana ndi Windows. Koma ine mtima wanga uli kwa Linux, chifukwa ndi yokhayo imene imalola mwana wa sukulu wachidwi kutsegula m'kati, kuwerenga mmene amisiri analembera, n'kuyamba kuphunzira lusolo iye mwini.

Palinso chifukwa china chimene chili pafupi nafe. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale, ngati amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito, alibe. Makina amenewo sanafe. Kuyambira pamene Klaus Knopper anatulutsa Knoppix mu 2000, zakhala zotheka kuyendetsa Linux yonse kuchokera pa CD, ndipo lero pa fulashi, osakhudza chilichonse cha pa disiki yanu. Aphunzitsi, eni malo osindikizira zikalata, makolo amene muli ndi laputopu yakale m'kabati: musanaitaye kapena kuigulitsa motchipa, koperani kaye mafayilo anu pena, pezani fulashi ya 8 GB, ikanimo Linux Mint ya Xfce, muiyatse, muyese Wi-Fi, mawu ndi pulinta. Zikayenda, ipatseni mwana aphunzirirepo.